Mpando wa pa Fourth Street: mbiri ya Cathedral ya Mtima Woyera ku Harare ndi amene anaitsogolera

Ndinali ndi zaka 11 pamene agogo anga aakazi anandilowetsa koyamba m'tchalitchi cha Mtima Woyera wa Yesu, chija chili pamphambano ya Fourth Street ndi Herbert Chitepo Avenue. Lero msewuwo ukutchedwa Simon Muzenda, koma pakamwa pa anthu ukadali Fourth Street. Tinachokera ku Mbare m'mamawa, ndipo titamaliza zimene tinadzera m'tauni, agogo anati sitingabwerere tisanalonjere mwini mudzi. Tinayenda chokwera msewu, maluwa a jakaranda ali mbwee pansi, mpaka tinafika pakhomo. M'kati munali zii, mozizira bwino, anthu atatu kapena anayi atagwada motalikirana. Agogo anaviika chala m'madzi odalitsidwa, nagwada kanthawi, kenaka anandigwira paphewa n'kuloza kutsogolo, chapafupi ndi guwa.

"Ukuuona mpando uwo, mdzukulu wanga? Pamenepo sakhalapo munthu wamba. Ngakhale bambo mfumu a pano sakhalapo. Ndi wa Ambuye okha."

Ambuye amene ankanenawo ndi arkiepiskopi, monga mmene ife Akatolika olankhula Chichewa timawatchulira. Agogo sanapite patali ndi sukulu, koma m'mawu ochepawo anafotokoza chinthu chimene ambiri amene amapemphera pamenepo sabata ndi sabata sachidziwa: chimene chimachititsa tchalitchi kukhala Cathedral si kukula kwake, si kukongola kwake, koma mpando.

Mawu akuti Cathedral amachokera ku mawu akale a Chigiriki ndi Chilatini akuti cathedra, kutanthauza mpando wa mphunzitsi. Kale mphunzitsi ankaphunzitsa atakhala pansi, ophunzira ali chilili kapena atamuzinga. Episkopi ndiye mphunzitsi wamkulu wa chikhulupiriro m'dayosizi yake, ndipo tchalitchi chimene muli mpando wake ndicho mayi wa matchalitchi onse a m'dayosiziyo. Amene anafika kumudzi adziwa kuti ku Blantyre mpandowo uli ku Limbe, ku Lilongwe uli ku Maula, ku Dedza uli ku Bembeke. Mu Harare muli matchalitchi ena a Katolika amene amadzaza anthu ochuluka kuposa apa, makamaka a m'malokeshoni, koma palibe chimene chingalande ulemu wa pa Fourth Street pokhapokha mpandowo utasamutsidwa.

Apa ndi pamene utsogoleri wa malo ano umasiyana ndi wa parishi ina iliyonse. Cathedral ili ndi nkhope ziwiri. Ndi nyumba ya dayosizi yonse, kumene ansembe amasonkhana m'Sabata Loyera pa Misa yodalitsa mafuta, kumene episkopi watsopano amalongedwa, kumene maliro a akuluakulu a Mpingo amachitikira. Komanso ndi parishi wamba, yokhala ndi ana a katekisimu, maukwati a Loweruka, kwaya, odwala ofunika kuyenderedwa, denga lofunika kukonzedwa. Arkiepiskopi sangathe kuyendetsa zonsezi pomwe ali ndi maparishi ndi mamishoni ambirimbiri kuchokera m'tauni mpaka kumidzi ya Mashonaland. Choncho amasankha wansembe woti aziyendetsa parishiyo m'dzina lake. Pachingerezi wansembeyu nthawi zambiri amatchedwa administrator, kusonyeza kuti akugwirizira chabe nyumba ya mwini wake. Ife timangoti bambo mfumu, koma ndi bambo mfumu amene tsiku lililonse amachita Misa pambali pa mpando umene sakhalapo. Zimandikumbutsa za kwathu, kumene nyakwawa imaweruza milandu ya tsiku ndi tsiku koma ndodo ya mfumu siigwira.

Mpandowu sunabwere tsiku limodzi. Wansembe woyamba wodziwika kufika m'dziko lino la Zimbabwe anali Mjezuiti wa ku Portugal, Gonçalo da Silveira, amene anaphedwa kubwalo la Mwenemutapa mu 1561. Koma muzu wa parishi ya pa Fourth Street ndi ulendo wa mu 1879, pamene gulu la Ajezuiti lotsogozedwa ndi Bambo Henri Depelchin a ku Belgium linakwera ndi ngolo za ng'ombe kuchokera kumwera kudzayamba chimene chinatchedwa Zambezi Mission. Anafika kwa Lobengula, mfumu ya Amandebele, ku Gubulawayo, analandiridwa, koma sanaloledwe kuchita zambiri, ndipo angapo a iwo anatha ndi malungo m'zigwa za Zambezi.

Chitseko chinatseguka mu 1890, koma chinatsegulidwa ndi mfuti za kampani ya Cecil Rhodes, ndipo ichi sitiyenera kuchiphimba. Gulu la azungu limene linakweza mbendera pa Fort Salisbury, pamene lero pali Harare, pa 13 Seputembala 1890 linali ndi wansembe wake, Bambo Andrew Hartmann, Mjezuiti. Chaka chotsatira, mu 1891, anafika asisitere a chipani cha Dominiko Woyera otsogozedwa ndi Mother Patrick Cosgrave wa ku Ireland. Anayamba ndi kusamalira odwala m'tinyumba ta dothi ndi m'matenti, ndipo mu 1892 anatsegula sukulu ya Dominican Convent, imene mpaka lero ili khoma ndi khoma ndi Cathedral. Akatolika oyamba a m'tauni ankapemphera m'katchalitchi kakang'ono pamalo a asisiterewo. M'chaka chomwecho cha 1892 Bambo Francis Richartz ndi anzawo anatsegula mishoni ya Chishawasha, chakum'mawa kwa tauni, pamalo amene kampani ija inawapatsa. Bambo Richartz omwewo ndi amene analowa m'ndende mu 1898 kukalankhula ndi Nehanda ndi Kaguvi, atsogoleri a mizimu a Mashona, asananyongedwe chifukwa cha nkhondo youkira azungu yotchedwa Chimurenga choyamba. Kaguvi anavomera ubatizo, Nehanda anakana. Mpingo wa m'dziko lino unabadwa uli ndi dzanja limodzi pa bala la wodwala, lina lili m'dzanja la wolanda dziko, ndipo mbiri yonse ya atsogoleri ake ndi nkhani ya mmene unavutikira kumasula dzanja lachiwirilo.

Tchalitchi chimene tikuchiona lero, cha mazenera osongoka pamwamba monga a ku Ulaya, mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1924 ndipo chinatsegulidwa mu 1925. Koma panthawiyo sichinali Cathedral, chifukwa kunalibe episkopi. Mpingo ukafika kumene m'dziko, Roma sathamangira kukhazikitsa dayosizi. Amayamba ndi kuika wansembe wamkulu woyang'anira dera m'dzina la Papa. Kuno zimenezi zinachitika mu 1915, ndipo amene anali paudindowo pomanga tchalitchichi anali Monsinyo Robert Brown. Kenaka dera limakwezedwa n'kupatsidwa episkopi, komabe episkopiyo amalamulira ngati nthumwi ya Papa, osati ngati mwini mbumba. Salisbury inafika pamenepa mu 1931. Pomaliza penipeni, Roma akaona kuti Mpingo wazika mizu, amakhazikitsa dayosizi yeniyeni. Izi zinachitika pa 1 Januwale 1955, m'nthawi ya Papa Pius XII, pamene Salisbury inakhala arkidayosizi. Tsiku limenelo ndi limene tchalitchi cha zaka 30 chija chinasanduka Cathedral mokwanira. Ku Malawi sitepe yomweyi inapondedwa mu 1959.

Nanga ife tinali kuti pamene zonsezi zinkachitika?

Tinalipo, ndipo tinali ambiri. Salisbury yoyambirira inamangidwa ndi manja a anthu ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, chifukwa eni nthaka ambiri panthawiyo ankakonda kulima kwawo n'kumagulitsa zokolola kusiyana ndi kukhala m'tauni. Agogo anga aamuna anachoka kumapiri a Dedza ali mnyamata, nadutsa ku Tete, mbali ina wapansi mbali ina pa magalimoto aja ankatchedwa Ulere. Anali kupita ku Halale, monga ankatchulira anthu a kwathu, kukafuna ndalama ya msonkho ndi njinga. Anati akakhala zaka ziwiri. Anakhala zaka 50, ndipo kumudzi anawerengedwa m'gulu la matchona. Anabatizidwa kwa Azungu a mikanjo yoyera a ku Bembeke, ndipo anabwera ndi kolona m'thumba.

Ntchito yawo inali ya ukhukhi m'nyumba ina ya ku Avenues, dera la azungu panthawiyo, mtunda woyenda mphindi zochepa kuchokera pa tchalitchi cha Mtima Woyera. Belu ankalimva ali kukhitchini. Koma bwana wawo ankawamasula Lamulungu masana okha, mbale za nkhomaliro zitatsukidwa, ndipo akamasuka ankalunjika kulokeshoni ya Harari, imene lero ndi Mbare, kumene kunali tchalitchi cha St Peter's, chotumikiridwa ndi Ajezuiti omwewo. Kumeneko ndiko kunali anzawo, kumeneko ndiko kunali bungwe lawo la maliro limene linkasonkha ndalama kuti mlendo asaikidwe ngati chinyama, kumeneko ndiko anapeza agogo aakazi. Lamulo la dziko, makamaka kuyambira pa lamulo logawa malo la mu 1930, linaika pakati pa tauni m'manja mwa azungu. Munthu wakuda ankalowamo ndi chitupa, ngati wantchito. Choncho parishi ya pakati pa tauni inali, m'zochitika zake, parishi ya azungu, ndipo Akatolika akuda a mumzinda womwewo anali ndi yawo kutsidya kwa njanji. Chikhulupiriro chimodzi, ansembe a chipani chimodzi, makomo awiri. Eni dziko nawo ankatitcha Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ndipo tikatuluka ndi gule wamkulu ankati zvigure. Ndimanena izi kuti mumvetse chifukwa chake agogo aakazi, atakalamba, ankaona kuti kulowa pakhomo lalikulu la pa Fourth Street masanasana, popanda wowafunsa, chinali chinthu choyenera kuonetsa mdzukulu.

Woyamba kukhala pampando uja anali Aston Chichester, Mjezuiti wa ku England, amene anadzozedwa uepiskopi mu 1931. Munthu ameneyu ndimamupatsa ulemu chifukwa anachita zinthu ziwiri zimene zinakonza njira yoti tsiku lina mpando wakewo udzatuluke m'manja mwa azungu anzake. Mu 1932 anayambitsa chipani cha asisitere achikuda, chimene tonse timachidziwa ndi zilembo zakuti LCBL, ndipo chiyambi chake chinali ku mishoni ya Makumbi. Sizinali zophweka. Makolo ambiri anakana, chifukwa mwana wamkazi akalowa usisitere ng'ombe za malowolo zapita. Kwa ife a chikamwini, amene mwamuna amadzamanga kwa mkazi, nkhawa imeneyi siimveka msanga, koma kwa Mashona inali nkhani yogwedeza banja lonse. Atsikanawo analimba mtima, ena anachita kuthawa kwawo usiku. Kenaka mu 1936 anatsegula seminale ya ku Chishawasha, panthawi imene azungu ambiri, ngakhale ansembe ena, sankakhulupirira kuti munthu wakuda angakwanitse unsembe. Mu 1947 seminaleyo inatulutsa ansembe ake oyamba, Bambo Simon Tsuro ndi Bambo Isidore Chikore. Chichester anakhala arkiepiskopi pafupifupi zaka ziwiri zokha, napuma mu 1956. Anamwalirira ku Roma mu Okutobala 1962, atapita ku msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, msonkhano womwe unadzalola kuti Misa izichitika m'zilankhulo za anthu. Ng'oma ndi maseche aja Mashona amati hosho zimene timamva lero m'Cathedral zinalowera pa khomo limenelo.

Amene anamulowa m'malo, Francis Markall, naye Mjezuiti wa ku England, anakhala pampando kuyambira 1956 mpaka 1976. Zaka 20 zimenezi zinali za moto: kutha kwa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1963, Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu, kulengeza yekha mu 1965 kuti Rhodesia yachoka m'manja mwa Britain, kenaka nkhondo. Markall anali munthu wofatsa, wosakonda phokoso, ndipo mawu akuthwa ankachokera kwa mnzake wa ku Umtali, lero Mutare, Episkopi Donal Lamont, amene boma linamuzenga mlandu mu 1976 chifukwa chosaulula omenyera ufulu, n'kumuthamangitsa m'dziko mu 1977. Koma pamene boma linabweretsa lamulo la malo la mu 1969, logawa dziko pafupifupi theka ndi theka pakati pa azungu ochepa ndi akuda mamiliyoni, lomwe linkafunanso kuti Mpingo uzipempha chilolezo kuti mitundu isakanikirane pamalo ake, maepiskopi onse pamodzi ndi Markall anakana, mpaka kuopseza kuti atseka sukulu zawo. Taganizani mmene zinalili kuwerenga makalata otere pa Fourth Street, pamaso pa Akhristu amene ambiri a iwo ankavotera Smith. Ena ankatuluka m'tchalitchi kalata isanathe. Mu 1972 maepiskopi anakhazikitsa bungwe la Chilungamo ndi Mtendere, lija la CCJP, limene linayamba kulemba nkhanza zimene asilikali a boma ankachitira anthu a kumidzi. Ndipo Mpingo unalipira ndi magazi: pa 6 Febuluwale 1977, ku mishoni ya St Paul's Musami, m'arkidayosizi yomweyi, asisitere anayi a Dominiko ndi Ajezuiti atatu anawomberedwa usiku umodzi.

Pali maliro amodzi a m'nthawi ya nkhondoyi amene anthu sanaiwale. John Bradburne, Mngelezi amene anadzipereka kukhala ndi odwala khate ku Mutemwa pafupi ndi Mutoko, anatengedwa n'kuphedwa mu Seputembala 1979. Misa ya maliro ake inachitikira m'Cathedral muno, ndipo amene analipo anachitira umboni kuti anaona madontho atatu a magazi pansi pa bokosi, koma bokosilo litatsegulidwa sanapeze pamene anachokera. Mpingo sufulumira pa nkhani zotere, ndipo njira yofufuza za moyo wake kuti mwina adzatchedwe woyera inatsegulidwa mu 2019. Koma anthu a ku Mbare amene amakwera basi chaka ndi chaka kupita ku Mutemwa anagamula kalekale m'mitima mwawo.

Amene anali pampando tsiku la malirowo sanalinso mzungu. Patrick Chakaipa, wobadwira ku Mhondoro mu 1932, wophunzira wa seminale ija ya Chichester, anadzozedwa kukhala episkopi wothandiza mu 1973, ndipo mu 1976 anakhala arkiepiskopi woyamba wachikuda wa Salisbury. Zindikirani chakacho: zaka zinayi dziko lisanalandire ufulu, Smith akadali pa ulamuliro, munthu amene lamulo silinkamulola kugula nyumba ku Avenues analongedwa pampando waukulu wa Mpingo pakati pa tauni ya azungu. Agogo ankati tsiku limenelo amayi a ku Mbare analulutira mpaka mawu kusasa. Ambiri ankamudziwa kale chifukwa cha mabuku a nthano a Chishona amene analemba, omwe ana athu anawerenga kusukulu.

Chakaipa anakhala zaka 27. M'nthawi yake mzinda unasintha dzina mu 1982, ndipo arkidayosizi inatsatira n'kukhala ya Harare. Azungu ambiri anachoka, akuda analowa m'mafulati a ku Avenues, ndipo mabenchi a Cathedral anasintha mtundu popanda wina kulengeza. Mu Seputembala 1988 analandira Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anachita Misa ya khamu ku bwalo la mahatchi la Borrowdale. Anakulitsa chiwerengero cha ansembe a dayosizi, amene ndiwo msana wa Mpingo lero. Koma sindingalembe mbiri yake ngati kuti inalibe mthunzi. Ubwenzi wake ndi Robert Mugabe, amene naye anali Mkatolika wa ku Kutama, unavutitsa anthu ambiri. Maepiskopi analankhuladi mu 1983 za kuphedwa kwa anthu ku Matabeleland, koma pamene CCJP ndi anzawo anamaliza lipoti lalikulu la kuphedwa kumeneku, kotchedwa Gukurahundi, mu 1997, maepiskopi sanagwirizane zoti alitulutse m'dzina lawo. Ndipo mu 1996 Chakaipa ndiye anadalitsa ukwati wa Mugabe ndi Grace ku Kutama, chinthu chimene Akatolika ambiri anang'ung'udza nacho. Maganizo anga ndi akuti kudzudzula mlendo wokupondereza n'kosavuta kusiyana ndi kudzudzula mbale amene munavutika naye limodzi, ndipo Chakaipa anakodwa pamenepa. Ife a ku Malawi tikudziwa kuti maepiskopi athu nawo anakhala chete zaka zambiri pansi pa Kamuzu asanatulutse kalata ija ya pa 8 Malichi 1992. Chakaipa anamwalira pa 8 Epulo 2003, naikidwa ku Chishawasha.

Mpando ukakhala wopanda munthu, Mpingo uli ndi dongosolo lake. Episkopi akafika zaka 75 amayenera kulembera Papa kupempha kupuma, koma akamwalira ali paudindo, gulu la ansembe alangizi a dayosizi limayenera kusankha wogwirizira pasanathe masiku 8. Wogwirizirayo amasunga nyumba, koma saloledwa kusintha zinthu zikuluzikulu, ndipo pampando uja sakhalapo. Panthawi yodikirayi kazembe wa Papa m'dziko amafunsa mwachinsinsi maepiskopi, ansembe ndi akhristu ena, n'kutumiza ku Roma maina atatu. Papa ndiye amasankha. Palibe voti, palibe kampeni, ndipo mbumba siikhala pansi kusankha monga tichitira polonga mfumu kwathu. Wosankhidwayo amatenga udindo tsiku limene kalata ya Papa yaonetsedwa ndi kuwerengedwa, iye n'kuperekezedwa kukakhala pampando. Popeza Harare ndi likulu la chigawo cha Mpingo chimene mulinso madayosizi a Chinhoyi, Gokwe ndi Mutare, arkiepiskopi wake amalandiranso kansalu ka ubweya wa nkhosa kovala m'khosi, kotchedwa pallium, chizindikiro cha mbusa wosenza nkhosa paphewa.

Harare inadikira kupitirira chaka. Mu 2004 Papa anasankha Robert Ndlovu, wobadwa mu 1955 m'dera la Lupane, amene anali episkopi wa Hwange kuyambira 1999. Mndebele, kudzakhala pampando wa pakati pa Mashona. Panali manong'onong'o, ena poyera, akuti kodi kuno kunalibe mwana wa pakhomo. Ife amene takhala tikutchedwa obwera kwa mibadwo itatu tinawamva mawu amenewo ndi khutu lina, chifukwa tinkadziwa kuwawa kwake. Chaka chotsatira, mu 2005, ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina inagwetsa tinyumba ta ku Mbare ndi m'malokeshoni ena m'nyengo yozizira, boma likuuza anthu kuti abwerere kumidzi kwawo. Mdzukulu wa tchona abwerera kumudzi uti? Ambiri a ife tinagona panja, ena m'mabwalo a matchalitchi. Pa Pasaka wa 2007 maepiskopi anatulutsa kalata yonena kuti Mulungu amamva kulira kwa oponderezedwa, ndipo inapachikidwa pamakomo a matchalitchi anthu n'kumaiwerenga ataunjikana. Mu Ogasiti 2020 anatulutsanso ina yodzudzula katangale, umphawi ndi kuzunzidwa kwa otsutsa boma. Nduna yofalitsa nkhani panthawiyo, Monica Mutsvangwa, inayankha polunjika Ndlovu yekha, n'kulowetsapo nkhani ya mtundu wake. Kazembe wa Papa anapita kunyumba kwa arkiepiskopiyo kukaonetsa kuti ali naye limodzi. Munthu wolankhula motsitsa ngati Ndlovu, amene sakweza mawu ngakhale paulaliki, anapezeka ali pakati pa mkuntho chifukwa choti mpando umene anakhalapo sulola mwini wake kungoyang'ana.

M'nthawi yake yomweyi parishi ya Cathedral inasinthanso manja. Ajezuiti, amene anaiyambitsa ndi kuitumikira kwa zaka zoposa 100, anaipereka kwa ansembe a dayosizi. Kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa. Wansembe wa chipani amalumbira kumvera mkulu wa chipani chake, ndipo angathe kutumizidwa kulikonse padziko. Wansembe wa dayosizi amalonjeza kumvera episkopi wake, ndipo moyo wake wonse ndi wa dera limenelo. Nyumba ya episkopi kuyendetsedwa ndi ansembe ake enieni ndi chizindikiro chakuti mishoni yatha, Mpingo wakhazikika. Chimene Chichester anafesa mu 1936 chinakololedwa pamenepo.

Komabe ndikanama ndikanena kuti utsogoleri wa parishiyi ndi wa ovala mikanjo okha. Lamulo la Mpingo limalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi komiti ya zachuma ya akhristu eni ake, ndipo limalimbikitsa kuti pakhalenso khonsolo yolangiza bambo mfumu pa zaubusa. Khonsoloyo imalangiza, siilamula, ndipo apa ndi pamene nthawi zina pamabuka kusamvana, chifukwa anthu amene amapereka mtulo amafuna kuti mawu awo azilemera. Pansi pa makomitiwa pali magulu a m'madera, amene kwathu timati miphakati, ofanana ndi aja Episkopi Patrick Kalilombe analimbikitsa ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1970. Ndiye pali mabungwe a yunifolomu: amayi a Mbuya Anna, a Hosi yeDenga, a Mwoyo Musande, abambo a Yosefe Woyera. Wina akamwalira, iwowa ndi amene amafika oyamba ndi nkhuni ndi ufa, n'kuchezera usiku wonse akuimba. Parishi ya pakati pa tauni ili ndi vuto lakelake: ambiri amene amadzaza Misa ya masana m'kati mwa sabata ndi ogwira ntchito m'maofesi, ogulitsa m'misewu, odikira kombi, anthu amene mayina awo ali m'mabuku a maparishi ena. Kuweta nkhosa zongodutsa n'kovuta kuposa kuweta za m'khola.

Ife olankhula Chichewa tasungunuka m'khamu limeneli. M'tchalitchi timaimba Chishona ndi Chingerezi, ndipo ana athu ambiri Chichewa amangochimva osachiyankha. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri a ife tili anthu opanda dziko, zitupa zathu zitalembedwa kuti ndife alendo ngakhale tinabadwira pa Mbare pomwepa. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabweza unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'mayiko oyandikana nawo, ndipo anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndimalakalaka tsiku lina, ngakhale kamodzi pachaka, pemphero limodzi la mapemphero a akhristu litamveka m'Chichewa pansi pa denga la pa Fourth Street, chifukwa cha makhukhi aja ankamva belu ali kukhitchini.

Agogo aakazi sanadikire zimenezo. Anadwala chaka chija cha njala ndi ndalama zopanda mphamvu, 2008, ndipo titaona kuti mpweya wayamba kuchepa tinaitana wansembe. Anabwera madzulo, magetsi atazima, tinayatsa kandulo pa tebulo loyalidwa chitenje chawo chatsopano. Anatulutsa m'thumba kachitini kakang'ono ngati ka fodya wa mphuno, m'kati muli thonje lonyowa ndi mafuta. Agogo anatsegula maso, nayang'ana kachitiniko.

"Bambo, mafutawa ndi a Ambuye?"

Wansembeyo anali Mshona, koma anakulira pakati pa anthu a kwathu, ndipo anayankha m'Chichewa chake chopindika: "Inde agogo, ndi omwe Ambuye anadalitsa m'Sabata Loyera."

Agogo anatambasula manja onse awiri, zikhatho zili m'mwamba, ndipo iye anawadzoza pamphumi ndi m'manja. Amayi anayambitsa Tikuoneni Maria, ife tonse n'kulandira.